DZIKO LOPANDA NYANJA LISAKHALE NDI KHOMO LIMODZI

Abale ndi alongo a m'makomboni, a ku Matero ndi ku Chawama, a ku Wusakile, ku Chifubu ndi konse kumene pepala lino lifika, Kwacha!

Maina awiri ali kumveka kwambiri pa wailesi zaka zino, Lobito ndi TAZARA. A ku America ndi a ku Ulaya ali kutikodola kuti mkuwa wathu uzitulukira kumadzulo, pa doko la Lobito m'dziko la Angola. A ku China nao apangana nafe zokonza njanji yathu yakale yopita kum'mawa, pa doko la Dar es Salaam. Ndipo pali ena pakati pathu amene ayamba kale kufunsana kuti, nanga ife tiri mbali iti? Ife tikuti funso limeneli ndi msampha. Dziko lopanda nyanja silisankha khomo limodzi. Makolo athu anapatsidwa khomo limodzi, ndipo zimene anaona tikuuzani pano.

Koma tiyambe ndi mbale uja amene anena kuti za madoko ndi za mabwana obvala tayi, iye nyanja yamcere sanaione, zombo zimkhudza bwanji? Mbale, taonani m'nyumba mwanu. Dizilo amene ayendetsa basi imene mukwera m'mawa sacokera m'nthaka ya Zambia. Fataleza wambiri amene amai anu adikira kumudzi abwera pa combo. Salaula imene mwabvala, mankhwala a ku cipatala, zitsulo za makina a pa mgodi, zonsezi zitsika pa doko la eni ace, ndi kuyenda makilomita oposa 1,000 zisanafike ku Lusaka kapena ku Migodi. Lole ikagona sabata yathunthu pa malire, wolipira masiku amenewo si mwini lole ai. Iye angoonjezera pa mtengo, wa sitolo naye aonjezera, ndipo zonsezo zikupezani inu pa kantemba. Potuluka ndi cimodzimodzi. Pa ndalama 10 ziri zonse zimene dziko lathu lipeza pogulitsa zinthu kunja, pafupifupi 7 ndi za mkuwa. Mkuwa ukacedwa pa njira ndalama zakunja zicepa, Kwacha igwa, unga ukwera.

Njanji yoyamba siinamangidwe cifukwa ca ife. Atsamunda a Cecil Rhodes anaikoka kucokera kumwera. Ulalo wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inafika pa malire a Congo kupyola pa Ndola. Yang'anani pa mapu. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, siinapite. Ku Kasama siinapite, ku Mongu siinapite, ngakhale kumeneko ndiko kunali anthu. Inalondola miyala ya ndalama, ndipo inabwerera nayo njira yomweyo, kudzera ku Livingstone, Wankie, Bulawayo, Salisbury ndi Umtali, mpaka pa doko la Beira m'manja mwa Apwitikizi.

Khomo lina linalipo. Njanji ya Benguela yocokera ku Lobito inalumikizana ndi njanji za ku Katanga mu 1931, ndipo combo cocokera ku Lobito cifika ku Ulaya msanga kuposa cimene cinyamuka ku Beira. Koma m'zaka za m'ma 1930 makampani a migodi anapangana ndi a Rhodesia Railways kuti mkuwa uziyenda njira ya kumwera, iwo nalandira mitengo yotsika. Anthu akuda palibe amene anawafunsa. Tsono mkuwa wokumbidwa ndi thukuta la agogo athu ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Roan Antelope ndiwo unadyetsa njanji yonseyo, koma malikulu a njanji anali ku Bulawayo, ndipo nyumba zazikulu zokonzeramo sitima zinali komweko. Malasha a ng'anjo zosungunulira mkuwa anali kucokera ku Wankie. Mafuta a galimoto anali kudzera njira yomweyo. Pa nthawi ya Citaganya, 1953 mpaka 1963, anasiya mtsinje wathu wa Kafue namanga damu pa Kariba, makina a magetsi nawaika tsidya la kumwera. Kodi zonsezi zinangocitika mwangozi?

Pa 24 October 1964 tinakweza mbendera yathu, koma kiyi wa khomo anatsala m'thumba la munthu wina. Sipanapite nthawi munthuyo anaonetsa mano. Pa 11 November 1965 Ian Smith anapandukira Britain kuti Azungu ocepa apitirize kulamulira Rhodesia. Britain inaletsa mafuta kupita kwa Smith, ndipo Smith anatseka mafuta obwera kwa ife, ife amene sitinapalamule kanthu. Petulo inayamba kugulidwa ndi makuponi. Ndege za ku Britain, Canada ndi America zinali kututa mafuta mumlengalenga, ndipo munthu ali yense wodziwa kuwerengera angaone kuti dziko silingakhale ndi moyo pa mafuta obwera pa ndege. Malole anayamba kuyenda msewu wa kumpoto wopita ku Dar es Salaam, popita mkuwa, pobwera madiramu a mafuta. Msewuwo unali wadothi, cilimwe pfumbi, dzinja matope. Madalaivala anauchula kuti Hell Run, ndiko kunena kuti ulendo wa ku gehena, pakuti ambiri anasiya moyo wao m'maphompho a msewu umenewo. Mu 1966 malasha ataperewera, migodi inacepetsa nchito. Pitani mukafunse nkhalamba zimene zinali ku Migodi masiku amenewo, zikalipo zina.

Boma la cipani cathu silinakhale manja lende. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatseguka mu 1968, ndipo ikali kugwira nchito. Kuyambira 2023 ibweretsa dizilo woyengedwa kale. Malasha athu tinawakumba ku Maamba. Magetsi athu tinawapanga pa Kafue Gorge. Koma cacikulu cinali njanji. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anagogoda pa zitseko za maiko a Azungu, ndipo a World Bank anati njanji yotere siingabweze ndalama. China ndiyo inabvomera mu 1967, ndi kupereka ngongole yopanda ciongoladzanja. Nchito inayamba mu 1970, inatha mu 1975, njanji niperekedwa m'manja mwa maiko athu awiri mu 1976, makilomita 1,860 kucokera pa doko mpaka ku Kapiri Mposhi. Anthu oposa 160 anafera pa nchitoyo, ndipo mwa iwo oposa 60 anali a ku China. Izi sitidzaiwala, ndipo wina asatiuze kuti tiiwale.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri alumpha posimba mbiri imeneyi. Mu January 1973 Smith anatseka malire, koma anati mkuwa wokha uzidutsa, cifukwa unali kumlipira. A Kaunda anakana, ndipo ngakhale Smith anatsegulanso mbali yace, ife tinasiya kwathu kotseka. Mkuwa wina unapita ku Lobito, wina pa malole ku Dar es Salaam. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatseka njanji ya Benguela. Mwai wathu unali wakuti TAZARA inali itangotha kumene. Koma taonani, tinabwereranso pa khomo limodzi. Katundu anaunjikana pa doko la Dar es Salaam, ngolo za sitima zinaperewera, mkuwa unakhala osatuluka ndi fataleza osalowa. Mu October 1978, mvula iri pafupi ndipo alimi ali kudikira, a Kaunda anameza malobvu owawa natsegulanso njanji ya kumwera, nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe ikali mkati. Caka cotsatira, 1979, asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa TAZARA pa mtsinje wa Chambeshi. Anadziwa pomenya, popeza pomenya panali pamodzi pokha.

Kodi a ku Tanzania anali adani athu? Iai, anali abale, ndipo akali abale. Koma doko la mbale nalonso lidzaza, ulalo wa mbale naonso ugwa. Ali yense amene anakumbako mbewa kumudzi adziwa kuti mbewa yocenjera ikumba khomo lina lothawira. Yopanda khomo lotero ndiyo ifika m'mbale ya ndiwo.

Pali mlandu wina umene si wa Smith, ndi wathu. Zimbabwe itapeza ufulu mu 1980, ndi South Africa mu 1994, njira za kumwera zinatseguka ndipo tinaiwala njanji zathu. TAZARA pa zaka zace zabwino inanyamula matani oposa 1 miliyoni pa caka. Pofika 2015 siinafike ngakhale matani 100,000, ndipo anchito ace anakhala miyezi osalandira malipiro. Njanji ya Zambia Railways inapatsidwa kwa kampani ya eni mu 2003, Boma nililandanso mu 2012, koma sitima zikali kukwawa ngati nkhono. Maboma onse amene akhala pa mpando ali ndi gawo pa mlanduwu, ndipo cipani cathu sitikucicotsapo, pakuti kuleka kukonza njanji kunayamba cikali kulamulira. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ena mwa ife tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi, kulemba malole pa sikelo ya pa geti. Lole iri yonse inali kunyamula matani ngati 30 a mkuwa. Pa pepala lace panali dzina la doko: ina Dar es Salaam, ina Durban, ina Walvis Bay, ina Beira. Wosankha doko sanali munthu wa m'komboni, ngakhale Boma lathu, koma wogula mkuwa amene akhala mu ofesi kutsidya la nyanja. Manambala a malole ambiri anali a maiko ena. Madalaivala pobwera anali kutisimbira za masiku amene anagona pa mzere pa Nakonde ndi pa Chirundu, kuphika nsima pansi pa lole, kulondera katundu usiku kuopa akuba. Ife tinali kungolemba, koma cala cimene cilemba manambala tsiku ndi tsiku ciphunzira kuwerengera.

Tiwerengere pamodzi tsono. Mu 2024 dziko lathu linatulutsa mkuwa matani oposa 800,000. Ukakwera wonse pa malole a matani 30, ndi maulendo ngati 27,000. Boma lanena kuti lifuna matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031. Amenewo ndi maulendo 100,000 pa caka, malole oposa 270 tsiku liri lonse, Sondo ndi Khrisimasi yomwe. Onjezanipo malole a mkuwa wa ku Congo amene alowera pa Kasumbalesa ndi kudutsa m'dziko mwathu, onjezanipo obwera ndi mafuta ndi mankhwala a pa mgodi. Ndi msewu uti umene ungapirire zotere? Inu amene mwakwerapo basi ya ku Nakonde mudziwa maenje a msewu umenewo, ndipo palibe komboni imene siinalirepo maliro a munthu wofera pa ngozi ya lole. Mu 2018 Boma linaika lamulo lakuti katundu wolemera, pa matani 100 ali onse, 30 aziyenda pa njanji. Lamulo ndi labwino, koma lamulo silikoka ngolo. Ndipo migodi yaikulu yatsopano ya Kansanshi, Lumwana ndi Kalumbila, kumene kucokera mkuwa wambiri lero, iri kumene njanji siifika konse.

Tisanamizane, makomo alipo ambiri lero kuposa masiku a makolo athu. Ulalo wa Katima Mulilo wa mu 2004 unatsegula njira ya ku Walvis Bay. Ulalo wa Kazungula wa mu 2021 unathetsa zodikira pantuni pa Zambezi. Ubwino wa makomo ambiri tauona ndi maso. Mu March 2019 namondwe wochedwa Idai anaphwasula mzinda wa Beira. Mu July 2021 cipolowe ca ku South Africa cinaimitsa nchito pa doko la Durban, malole natenthedwa pa msewu. Mu 2025 cipolowe ca pa cisankho ku Tanzania cinaimitsa malole pa njira ya ku Dar es Salaam. Nthawi zonsezi dziko linabvutika koma silinafe, cifukwa katundu anapeza kwina kodzera. Bvuto ndi lakuti pafupifupi makomo onsewa ndi a malole, ndipo lole idya mafuta ambiri, iphwanya msewu umene tikonza ndi msonkho wathu.

Cifukwa cace njanji tizifuna, ndipo tizifuna zonse ziwiri. Njanji ya Benguela, makilomita oposa 1,300, inakonzedwanso nkhondo ya ku Angola itatha mu 2002, nitsegulidwanso mwalamulo mpaka pa malire a Congo mu 2015. Tsopano iri m'manja mwa makampani a ku Ulaya pa pangano la zaka 30. Pamene Joe Biden, ali mtsogoleri wa America, anafika ku Lobito mu December 2024, nkhani yaikulu kwa ife inali ya njanji yatsopano ya makilomita ngati 800 yocokera ku Chingola kudutsa cigawo ca Kumpoto cakumadzulo kukalowa mu Angola, imene pa nthawiyo inali ikali pa mapepala. Kum'mawa nako, mu 2025 Zambia ndi Tanzania anasainirana ndi kampani ya Boma la China yochedwa CCECC pangano la madola 1.4 biliyoni lokonza TAZARA ndi kuiyendetsa zaka 30.

Kodi anthu awa atikonda mwadzidzidzi? Abale, tisakhale ana. Magalimoto oyendera magetsi, mabatire ndi mawaya a dziko lonse lapansi afuna mkuwa ndi kobalti, ndipo zimenezi ziri pansi pa mapazi athu ndi a abale athu a ku Congo. Kufuna mkuwa si chimo. Rhodes naye anafuna miyala. Cosiyana ndi cakuti nthawi ya Rhodes tinalibe mau, lero tiri nao, ndipo ogula awiri akalimbirana mbuzi yako iwe mwini mbuzi sufulumira kumasula cingwe.

Coyamba cimene tifuna ndi kuona mapanganowo. Zaka 30 si masewera. Mwana amene wabadwa usiku wathawu ku Chamboli adzakhala ndi ana ace pangano lisanathe. Tsono mapangano awerengedwe poyera m'Nyumba ya Malamulo, amasuliridwe m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi ndi m'zinenero za Kumpoto cakumadzulo kumene njanji idzadutsa m'minda ya anthu. Tifuna kudziwa ngati muli mau omangirira mkuwa wa mgodi wakuti ku doko lakuti, monga anacitira m'zaka za m'ma 1930. Tifuna kudziwa woika mitengo ya ngolo ndani, ndipo akaikweza tidzadandaula kwa yani. Ngati mapanganowo ndi abwino monga atiuza, cobisira nciani?

Tifunanso kudziwa cimene sitimazo zidzanyamula kupatula mkuwa. Pano ndi pamene TAZARA inasiyana ndi njanji ya Rhodes. Funsani amai a ku Mpika, ku Kasama ndi ku Nakonde amene anaphunzitsa ana ndi malonda a nyemba, mpunga ndi nsomba zouma pa masiteshoni ang'onoang'ono. Kwa mwini kampani, sitima ya anthu ndi cinthu cocedwetsa mkuwa. Iima pali ponse, ndalama yace ndi yocepa, ndipo akapeza mpata adzaicotsa. Ife tikuti ilembedwe m'pangano kuti sitima ya anthu idzayenda masiku akuti pa sabata, ndi kuti cimanga ndi fataleza zidzakhala ndi ngolo zao nyengo yace ikafika. Kumadzulonso cimodzimodzi. Njanji yodutsa kwa alimi a zinanazi a ku Mwinilunga ndi ofula uci a ku Kabompo popanda siteshoni yokwezera katundu wao idzakhala njoka yacitsulo yongopita pakati pa mudzi, ana naiwerenga ngolo.

Za nchito nazo tinene. Ku Kabwe ndi ku Mpika kuli nyumba zokonzeramo sitima, ndipo kuli anthu amene adziwa nchitoyo. Zitsitsimutsidwe, anyamata ndi atsikana athu aphunzire kukonza injini, asangopatsidwa fosholo ndi mbendera yofiira. Anchito akale a njanji amene akali kudikira ndalama zao za penshoni alipidwe coyamba, asanadule riboni. Ndipo ngati mkuwa uli kufunidwa cotere, bwanji tingotumiza zipanthi zace kuti ena akapange mawaya? Ku Luanshya kuli fakitale yopanga mawaya a mkuwa kuyambira kale. Ngolo yodzaza mawaya ilemera cimodzimodzi ndi ngolo yodzaza zipanthi, koma ya mawaya isiya malipiro ambiri m'komboni.

Pali khomo lina limene mabwana a kunja salichula kawirikawiri, cifukwa kulibe mgodi. Ambiri a ife amene tiwerenga pepala lino kwathu ndi kum'mawa. Mu 2010 njanji inafika ku Chipata kucokera ku Mchinji m'dziko la Malawi, ndipo njanji za ku Malawi zipita mpaka ku Nacala, doko lakuya kwambiri la ku Mozambique. Koma njanjiyo ithera pa Chipata pomwepo ngati cingwe coduka. Siilumikizana ndi njanji ina iri yonse ya m'dziko lathu. Za kuikoka kudzera ku Petauke kukakumana ndi TAZARA pa Serenje takhala tiri kumva zaka zambiri. Ikanamangidwa, ngolo yocokera ku Kitwe ikanafika pa Serenje ndi kusankha, Dar es Salaam kapena Nacala, ndipo mlimi wa nshawa, thonje ndi soya wa ku Katete ndi ku Lundazi akanagulitsa pa mtengo wabwinoko, fataleza namfika mochipa. Amene afuna mkuwa wathu ndi mtima wonse, tiwauze kuti nkhani ya njanji imeneyi ikhale pa tebulo lomwelo.

Mukatha kuwerenga pepala lino mpatseni mnzanu wa shifiti ya usiku. Ndipo aphungu anu akabwera ku komboni, wina aimirire pa msonkhano, apereke ulemu monga mwa mwambo wathu, ndi kuwafunsa ngati pangano la TAZARA la mu 2025 analiwerenga ndi maso ao, ndipo ngati analiwerenga, anene tsamba limene palembedwa za sitima ya anthu.